Amisiri opaka vanishi a ku Mangochi boma: katundu wa m'nyumba amamudziwa, wa pakhonde ayi

Amisiri a matabwa ambiri m'tauni ya Mangochi amadziwa kupala, kulumikiza ndi kukhoma, koma ntchito yopaka utoto ndi vanishi amaisiyira mnyamata wamng'ono pa onse, amene amaigwira mothamanga mwini katundu ataima kale pakhomo ndi galimoto yahayala. Shedi imene ndikuikamba pano, yomwe ili m'mbali mwa msewu wochokera ku Liwonde munthu asanafike pakati pa tauni, inasankha njira ina. Eni ake sapanga mipando yatsopano yambiri, koma amalandira katundu wakale kapena wopangidwa kwina kuti amusalalitse ndi kumupaka, ndipo Loweruka m'mawa amaphunzitsa anthu ofuna kudziwa chiyambi cha luso limeneli. Ndinawapatsa katundu wamitundu itatu, tebulo lodyera la mlombwa limene lakhala m'banja mwathu kuyambira kale, kabati yatsopano ya paini ndi mipando ya pakhonde ya malaina, ndipo ndinakhala nawonso pa maphunziro awo. Pa katundu wokhala m'nyumba ndawakhulupirira kwathunthu, koma pa katundu wokhala padzuwa sindinakhutire nawo.

Chimene chimawasiyanitsa ndi ena poyambirira penipeni ndi kufufuza kumene amachita asanatchule mtengo. Amisiri aakulu a pamalopo, bambo wachikulire wosakonda zolankhulalankhula, anazungulira tebulo lija, nalipendeketsa kuti aone kunsi kwake kumene sikunapakidwepo kanthu, kenaka anapala kadera kakang'ono n'kukanyowetsa ndi kansanza koviika mu spiriti. Thabwa lopalidwa kumene limaoneka lotuwa, koma likanyowa limaonetsa mtundu umene lidzakhale nawo vanishi akalowa, ndipo spiriti amauluka msanga osasiya chinyezi m'thabwamo. Kaderako katasanduka kofiirira, mizere yake yakuda ndi yachikasu ikuoneka bwino, iwo anati, "Mayi, uwu ndi mlombwa weniweni, ndipo siteni sindiikapo ngakhale mutandilipira kawiri." Ine ndinali nditaganiza zoti tebulolo lidetsedwe ndi siteni, mankhwala osintha mtundu wa thabwa, kuti lifanane ndi mipando ina ya m'nyumba, koma anandilangiza kuti ngati pali chofunika kusintha mtundu, ndi mipando inayo.

Anali ndi chifukwa chomveka. Mlombwa, umene akatswiri a zomera amautcha Pterocarpus angolensis, ndi mtengo wosafota kwambiri pouma, choncho supindika kapena kung'aluka wamba, ndipo mtima wake chiswe sichiudya msanga. Mtundu wake umachokera m'kati mwa thabwa, kotero kuti ukakandika, pokandikapo pamaonekabe chimodzimodzi, pamene siteni amalowa pang'ono chabe m'thabwa ndipo akakandika pamatuluka mzere woyera. Mtengowu ukusowa chaka ndi chaka, ndipo mu November 2022 msonkhano wa mayiko a m'pangano la CITES, loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zosowa, umene unachitikira ku Panama unaika mitundu ya mu Africa ya Pterocarpus, Khaya ndi Afzelia pa mndandanda wachiwiri wa mitengo imene malonda ake a pakati pa mayiko ayenera kuyendera zilolezo. Kwathu kuno mitengo imeneyi ndi mlombwa, mbawa ndi msambamfumu. Kusowa kwake n'kumene kwachulukitsa chinyengo chopaka paini kapena malaina siteni wakuda n'kumagulitsa ngati mbawa. Amisiri a pa shediyi amapaka paini mtundu uliwonse umene munthu afuna, koma anandiuza kuti kunsi kwa katunduyo amasiyako kadera kosapaka siteni, kuti wodzagula m'tsogolo athe kuona yekha thabwa lenileni. Khalidwe limeneli lokha linandikopa mtima kuposa chikwangwani chilichonse.

Gawo lalikulu la nthawi yawo limathera pa kukwecha, ndipo apa ndi pamene ndalama ya munthu imagwira ntchito. Vanishi wakale wa pa tebulo sanamuchotse ndi sandipepa, popeza vanishi akatenthedwa ndi kukwecha amafewa n'kumata pa sandipepayo, koma anamupala ndi kachitsulo kafulati kakuthwa m'mbali, kamene kamatulutsa tizipalo topyapyala tomapindika. Atatero anayamba ndi sandipepa ya nambala 80 pamalo okumbika okha, kenaka 120 pa tebulo lonse, kenaka 180, n'kumalizira 220. Nambala ikamakwera mchenga wake umachepa kukula, ndipo ntchito ya nambala iliyonse ndi kufafaniza zokanda za nambala yapambuyo pake, n'chifukwa chake kulumpha kuchoka pa 80 kufika pa 220 kumasiya mikwingwirima imene siioneka thabwa lili louma koma imatulukira poyera vanishi akangolowa. Ndinaona mnyamata wina akulemba mizere yokhotakhota ya pensulo pa tebulo lonse asanayambe nambala yatsopano. Ankakwecha mpaka pensulo yonse itatha, ndipo pamene pensulo yatsalira ankadziwa kuti pamenepo pali potsika pamene sandipepa sinafike. Sandipepayo anali ataikulunga pa kathabwa kafulati, chifukwa zala zokha zimakumba timaenje pa thabwa lofewa, ndipo dzanja lake linkayenda motsata mizere ya thabwa basi, osadutsa chopingasa ngakhale m'makona movuta.

Asanavomereze kuti kukwecha kwatha, amisiri aja anatenga tochi ya pafoni, naigoneka m'mphepete mwa tebulo kuti kuwala kuyende chogona pamwamba pa thabwa, ndipo panaoneka kamzere kopingasa pafupi ndi ngodya imodzi kamene maso anga sakanakaona masana. Anangoloza ndi chala, mnyamatayo n'kubwerera pa nambala 180 osanena kanthu. Pa kabati ya paini tochi yomweyo inaulula vuto lina: amene anapanga kabatiyo anapukuta guluu wotuluka m'malumikizo ndi chala, n'kumufalitsa pa thabwa. Guluu akauma saoneka, koma amatseka timabowo ta thabwa, ndipo siteni akadutsapo pamatsala zigamba zoyera. Anapala malo onsewo ndi tchizulo asanatsegule n'komwe chitini cha siteni. Fumbi analichotsa ndi bulashi youma, kenaka ndi nsanza yonyowa pang'ono ndi tapentaini.

Paini ndi thabwa lovuta kupaka siteni kuposa mmene anthu amaganizira, ngakhale kuti ndi limene ambiri a ife timakwanitsa kugula, lochokera ku Chikangawa, ku Zomba kapena ku Dedza. Mbali zina za thabwali n'zofewa ndipo zimamwa kwambiri, zina n'zolimba ndipo sizimwa, choncho siteni wothiridwa mwachindunji amatuluka mawangamawanga ngati nkhanga. Kumapeto kwa thabwa, kumene macheka anadula chopingasa, kumamwa koposa ndipo kumada bii. Pa shediyi anayamba apaka sila wosungunula kwambiri ndi thina, kuti atseke pang'ono mbali zomwa kwambirizo popanda kutsekeratu thabwa lonse, ndipo kumapeto kwa matabwa anakwechako ndi nambala yosalala kuposa ya malo ena. Mfundo za paini, zimene zimatulutsa utomoni kunja kukatentha, anazidontheza sheraki, mankhwala ochokera ku tizilombo ta m'mitengo ya ku India ndi ku Thailand amene amasungunulidwa mu spiriti ndipo amatsekera utomoniwo m'kati. M'dera lotentha ngati lathu lino, kumene mwezi wa October chipinda chofolera malata chimatentha koopsa, kabati imene mfundo zake sizinatsekedwe imatha kutuluka madontho omata patapita miyezi yowerengeka.

Mtundu wa siteni sanandisankhitse poyang'ana chithunzi cha pa chitini. Anadula tizidutswa ta paini yemweyo, anatikwecha mofanana ndi kabatiyo, natipaka mitundu ingapo, kenaka theka la kachidutswa kalikonse analipaka vanishi, chifukwa siteni wouma amaoneka wozilala ndipo mtundu wake weniweni umabwera vanishi akakhala pamwamba. Popaka pa kabati penipeni ankagwiritsa ntchito nsanza, mbali imodzi yathunthu nthawi imodzi, ndipo patapita mphindi zochepa ankapukuta wotsala yense ndi nsanza ina youma motsata mizere. Siteni si penti, ntchito yake ndi kulowa m'thabwa, ndipo wosiyidwa pamwamba sauma bwino komanso amalepheretsa vanishi kugwira. Nditapempha kuti mtundu uderepo, sanaunjike wambiri nthawi imodzi, koma anadikira kuti woyambayo aume, n'kubwereza. Pa mabowo a misomali anaikapo fila wogula wa mtundu wofanana ndi siteniyo, ndipo anakana njira yofala yosakaniza utuchi ndi guluu, imene imalimba bwino koma siimwa utoto.

Vanishi amene anapaka pa tebulo ndi pa kabati ndi wa polyurethane wosungunulira tapentaini, ndipo anandifunsa ngati ndikufuna wonyezimira kapena wosanyezimira kwambiri. Ndinasankha wachiwiriyu, popeza wonyezimira amaonetsa chala chilichonse ndi kukandika kulikonse. Chitini sanachikhutchumule, koma anachitakasa pang'onopang'ono ndi kamtengo kuti musalowe thovu, ndipo vanishiyo anamusefa pa kansalu kopyapyala asanamuthire m'kachitini kena kogwirira ntchito. Koti yoyamba, kutanthauza vanishi wopakidwa ulendo woyamba, anaisungunula pang'ono kuti ilowe m'thabwa, ndipo makoti otsatira anali opyapyala, bulashi ikuviikidwa nsonga yokha, kuyala vanishi, kenaka kudutsamo kamodzi mopepuka kuchokera kumapeto ena kufika kumapeto ena. Pamene papakidwa kale ndipo payamba kugwira sankabwererapo. Pakati pa koti ndi koti ankadikira kufikira tsiku lotsatira, n'kukwecha mopepuka ndi nambala 320 kuti achotse timinga ta thabwa todzuka ndi kupatsa koti yotsatira pogwira. Muyeso wawo wodziwira kuti vanishi wauma ndi wosavuta: sandipepa ikatulutsa ufa woyera ndiye kuti wauma, koma ikatulutsa timibulu tomata ndiye kuti ayenera kudikirabe. Kunsi kwa tebulo anapakakonso, kuti thabwa lisamamwe chinyezi mbali imodzi yokha n'kuyamba kupindika nthawi ya dzinja.

Nyengo ya kuno amaidziwa ndipo amaiyendera. Vanishi amapaka m'mawa kusanatenthe, mumthunzi, chifukwa pa thabwa lotenthedwa ndi dzuwa khungu la pamwamba limauma msanga kunsi kukadali kofewa, ndipo mpweya wotuluka m'thabwa umatukumula tithovu. Anandiuzanso kuti m'miyezi ya mvula sakonda kupopera laka, mankhwala onyezimiritsa thabwa ouma msanga, umene amisiri ambiri amaukonda chifukwa katundu amatuluka tsiku lomwelo, popeza thina akamauluka mofulumira amaziziritsa thabwa, chinyezi cha mumpweya n'kutsekeredwa m'kati, ndipo pamwamba pamachita chifunga choyera. Tauni yokhala m'mbali mwa Shire, pakati pa nyanja ya Malawi ndi nyanja ya Malombe, chinyezi chotere sichiisowa. Potenga tebulo anandichenjeza kuti kuuma kwa pamwamba si kukhwima, ndipo kuti kwa masabata angapo ndisaikepo mbale zotentha kapena kuliphimba ndi pulasitiki. Tebulolo latuluka losalala, mizere ya mlombwa ikuoneka mozama, ndipo madzi akatayikirapo amangokhala madontho mpaka atapukutidwa.

Zolakwika zilipo, ndipo choyamba ndi fumbi. Shediyo ndi yotsegula mbali ziwiri, ili pafupi ndi msewu, ndipo malo okwechera ndi malo opakira alekanitsidwa ndi tenti yong'ambika basi. Kabati yanga inapakidwa m'nyengo ya mwera, ndipo pamwamba pake panatuluka timiyala ta mchenga tomveka pansi pa chikhatho. Nditawaonetsa sanatsutse, anakwecha n'kupakanso popanda kundilipiritsa, koma anthu osamala pa zonse chonchi anayenera kukhala ndi kachipinda kotseka, ngakhale kamapepala apulasitiki, kosungiramo katundu amene akuuma. Kuwaza madzi pansi asanayambe kupaka, kumene amachita, kumathandiza pa fumbi la m'shedimo, koma sikuletsa limene mphepo yanyamula kuchokera kumsewu.

Cholakwika chachikulu ndi cha mipando ya pakhonde. Ndinanena momveka kuti mipandoyo imakhala pakhonde loyang'ana kumadzulo, limene dzuwa lamasana limalowa ndipo mvula imawazako, koma anaipaka vanishi yemwe uja wa m'nyumba. Poyamba inali yokongola kuposa katundu wina yense. Chilimwe chimodzi chitadutsa, pa mikono ya mipandoyo ndi pamwamba pa zotsamira vanishi anayamba kuyera, kenaka kung'aluka, ndipo mvula zoyamba zitalowa m'ming'aluyo anayamba kusendeka zikambazikamba, thabwa la pansi pake litachita madontho akuda. Chimene chimachitika n'chakuti kuwala kwa dzuwa kumadutsa vanishi wopanda mtundu n'kuwononga khungu la thabwa limene vanishiyo wagwirapo, ndipo polyurethane wa m'nyumba ndi wouma gwa, satha kutanuka pamene thabwa likufufuma ndi kufota potsata nyengo. Vanishi wa panja, amene ena amamutcha wa maboti, amakhala ndi mafuta ambiri kuti azitanuka ndiponso mankhwala otchinga kuwala kwa dzuwa, ndipo ngakhale iyeyo amafunika kumuonjezera koti asanayambe kung'aluka. Njira ina ndi mafuta olowa m'thabwa, amene sanyezimira kwambiri koma sasendeka, ndipo kuwabwereza n'kungotsuka ndi kupaka. Nditabwerera kukadandaula, amisiri aja anati, "Mayi, wa panjayo kuno sapezeka kawirikawiri, ndipo mtengo wake anthu amathawa." Zimenezo zikhoza kukhala zoona, koma anayenera kundiuza tsiku loyamba kuti ndisankhe ndekha, monga anachitira pa nkhani ya mlombwa. M'boma lino muli malo ogona alendo ambiri m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Nkopola mpaka ku Cape Maclear, onse okhala ndi mipando ya panja, ndipo n'zodabwitsa kuti amisiri odziwa chonchi sanaikepo mtima pa gawo limeneli. Anavomera kupala mipandoyo kwaulere ngati ndibweretsa ndekha mafuta kapena vanishi woyenera.

Pa chitetezo ali pakatikati. Nsanza zonyowa ndi mafuta a linseed kapena vanishi saziunjika pakona, koma amaziyanika chotambasula panja kapena kuziviika m'ndowa ya madzi, chifukwa mafuta otere akamauma amatulutsa kutentha, ndipo mulu wa nsanza ukhoza kuyaka wokha usiku. M'shedi yodzaza utuchi chimenechi si chinthu chaching'ono. Koma anyamata amakwecha ndi kupopera atangomanga kansalu kumaso, kamene fumbi losalala limadutsa ndipo fungo la thina sikaliletsa n'komwe, ndiponso ndinaona wina akusamba m'manja ndi thina yemweyo. Ndalama ya zotsekera mphuno zoyenera ndi magolovesi ndi yochepa poyerekeza ndi chitini chimodzi cha vanishi.

Mtengo wawo ndi wokwera kuposa wa amisiri a pamsika, ndipo sabisa. Zipangizo zambiri za ntchitoyi zimachokera kunja kapena zimapangidwa ndi mankhwala ochokera kunja, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo yake siikhazikika, choncho amatchula ndalama ya ntchito ya manja payokha ndi ya zipangizo payokha, komanso amalola munthu kugula yekha zitini n'kubwera nazo. Zotsala amabweza, ndipo n'zothandiza kuzisunga kuti mudzakonzere pokandika. Amalandira ndalama kudzera pa Airtel Money ndi pa Mpamba. Chimene sindinakonde n'chakuti salemba kanthu, mgwirizano wonse umakhala wapakamwa, ndipo nkhani ya mipando ya pakhonde ija ikanakhala yosavuta kukambirana pakanakhala kapepala konena mtundu wa vanishi amene tinagwirizana. Tsiku limene amalonjeza salikwaniritsa nthawi zonse, makamaka kunja kukachita mitambo, koma kuchedwa kodikira kuti vanishi aume sindikuwerengera ngati mlandu. Lachisanu masana amatseka kupita kumzikiti, choncho wofuna kutenga katundu tsikulo apite m'mawa.

Maphunziro a Loweruka ndi a manja okhaokha, opanda bolodi kapena kope. Aliyense amapatsidwa chidutswa cha paini ndi cha malaina, n'kuchiyendetsa yekha kuyambira pa kukwecha mpaka pa koti yomaliza, ndipo popeza vanishi sauma tsiku limodzi, chidutswacho chimasiyidwa pomwepo kuti ntchito idzapitirire sabata yotsatira. Amisiri aja saphunzitsa ndi mawu ambiri. Amagwira dzanja la wophunzira pamodzi ndi bulashi kuti amve kulemera koyenera, ndipo wina akaunjika vanishi mpaka kuyenderera m'mbali amamusiya kuti adzaone yekha mmene mkanda woumawo umavutira kuuchotsa. Amaphunzitsanso kutsuka bulashi mu tapentaini kenaka ndi sopo, ndi kuiyanika chopachika kuti ubweya wake usapindike. Ena mwa amene ndinakhala nawo anali akalipentala achinyamata ochokera ku Namwera ndi kwa Mpondasi, ena anali amayi ofuna kukonza mipando ya m'nyumba zawo. Maphunzirowa sapereka satifiketi, ndipo wofuna pepala lodziwika ayenera kupita ku sukulu zaluso zolembetsedwa ndi TEVETA. Saphunzitsanso kupopera ndi kompuresa kapena kugwiritsa ntchito vanishi wosungunulira madzi, amene sanunkha kwambiri ndipo sasanduka wachikasu pa thabwa loyera, koma amadzutsa timinga ta thabwa kotero kuti pamafunika kunyowetsa thabwalo ndi kulikwecha kaye asanapakidwe. Wopita kumeneko atenge zovala zakutha, chotsekera mphuno chakechake ndi kampando kakang'ono ka m'nyumba koti ayeserepo akamaliza zidutswa zija, chifukwa miyendo yozungulira ndi makona a m'kati ndi pamene vanishi amayenderera, ndipo pa thabwa lafulati munthu sangaphunzire kuthana nazo.